Kalasi yonse ikati "Yes, madam", musafulumire kusangalala

Chaka chilichonse pasukulu pathu timalandira aphunzitsi achinyamata ochokera ku TTC, koleji ya aphunzitsi, odzayeserera ntchito, ndipo chaka chilichonse ine ndimakhala pabenchi yakumbuyo n'kumaonera sewero lomwe lija. Madamu atchena, lesoni pulani ili m'manja, pabolodi alemba mooneka bwino. Akweza khasu m'mwamba. "This is a hoe." Ana 90 aja kuyankha mpaka malata kunjenjemera: "This is a hoe!" Katatu konse. Kenako funso limene landitopetsa: "Do you understand?" Kalasi yonse: "Yes, madam!" Tikatuluka, madamu amandiyang'ana akumwetulira, kudikira kuti ndiwayamikire.

Ine ndimangowapempha kanthu kamodzi. Itanani mwana mmodzi wa kumbuyo uko. Ikani pansi khasu, tsache ndi ndowa, mumuuze kuti, "Give me the hoe." Nthawi zambiri mwanayo amayang'ana madamu, kuyang'ana anzake, n'kuongola khosi, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse: "Give me the hoe!" Sanalakwe. Wachita ndendende zimene mwamuphunzitsa. Mwamuphunzitsa kuti Chingerezi ndi phokoso limene munthu amabweza kwa mwini wake.

Ngati mukuyamba kumene ntchito yophunzitsa Chingerezi, kaya ndinu kholo lofuna kudziwa chimene chikuchitikira mwana wanu, yambani ndi kuleka kukhulupirira chigulu. M'chigulu ana asanu ndiwo amatsogolera, ena amangotsata kamvekedwe ngati kwaya ya kumaliro, ena amangoyendetsa milomo. Sindikunena kuti kubwereza pamodzi n'koipa. Kumathandiza lilime kuzolowera, ndipo mwana wamanyazi amapezerapo pobisala pamene akuyesa mawu atsopano. Koma sikungakuuzeni amene wamva. Ndipo palibe mwana wa ku Malawi kuno, woleredwa bwino, amene angayankhe mphunzitsi kuti "No, madam." Funso la "Do you understand?" lija litayeni. M'malo mwake muuzeni mwana achite kanthu: atseke chitseko, aloze, ajambule, aike kope pansi pa desiki. Pamenepo sangakubisireni kuti wamva kapena ayi.

Ndikudziwa chimene muyankhe: ana ndi ochuluka. Zoona. Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma ambiri a ife tagwirapo 90, ena kuposa 100. Tawerengetserani: phunziro la theka la ola, ana 90, aliyense atati alankhule payekha ndiye kuti apeza masekondi 20, inu musanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake ana ayenera kulankhulana awiriawiri. Kalasi imachita phokoso, ahedi amasuzumira pawindo, koma m'mphindi zitatu ana onse alankhula. Inu muziyenda pakati pawo n'kumamvetsera, lero mzere uwu, mawa winawo.

Za kalembedwe ka sikimu ndi lesoni pulani sindinenapo, munaphunzira zaka ziwiri ku koleji. Chimene ku koleji sichimveka bwino ndi phompho la Sitandade 5. M'sukulu zambiri za boma mwana amaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro chabe. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, koma aliyense amene anagwirapo choko amadziwa kuti m'makalasi ang'onoang'ono zinthu zimayendabe m'Chichewa. Akangolowa Sitandade 5, masamu, sayansi, ulimi, zonse zatembenuka, mabuku onse m'Chingerezi. Pa mayeso a PSLCE, omaliza a Sitandade 8, mapepala onse ndi a m'Chingerezi kupatula la Chichewa lokha. Kutsogolo uko, wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu. Choncho inu amene mwapatsidwa Sitandade 2 kapena 3, n'kumadandaula kuti akupatsani kalasi ya makanda, dziwani kuti mwana amene adzalephere sayansi mu Sitandade 6 ali m'manja mwanu panopa. M'mera m'poyamba.

Cholakwa china chimene chimandiwawa ndi cholanga ana chifukwa cholankhula chilankhulo chawo. Enafe tinakulira m'menemo: wogwidwa akulankhula Chichewa ankavekedwa chikatoni m'khosi, kapena kupatsidwa chikwanje kuti akatchetche. Chimene tinaphunzirapo ndi kukhala chete, osati Chingerezi. Mwana wabwera kale ndi mutu wodzaza mawu. Amadziwa kuti mvula ikagwa chimanga chimamera, amadziwa kugula, kubweza chenji, kukana, kunamizira mnzake. Ntchito yanu ndi kumangirira mawu atsopano pa zimene akudziwa kalezo. Mawu ngati "although" mungavine nawo ola lonse osamveka, pamene "ngakhale" amatha nkhani m'sekondi imodzi. Nenani, mubwerere ku Chingerezi msanga. Koma musapitirire mbali inayo, kumamasulira chiganizo chilichonse. Ana ndi ochenjera: akadziwa kuti Chichewa chikubwera pambuyo, Chingerezicho amangochidikira kuti chidutse ngati galimoto.

Zolakwa zambiri za ana athu si umbuli, ndi Chichewa chimene chikugwira ntchito yake. Ife tili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Mwana amene wangophunzira kuti "a" ndi "a" akumana ndi "cat", "cake", "call", lembo lomwelo likusintha katatu. Mawu oti "hat", "hut", "heart" ndi "hurt" kwa iye onse ndi amodzi. "L" ndi "r" kwa ife sasintha tanthauzo la mawu, ndiye "play" ndi "pray" aziwasiyanitsa bwanji musanamuonetse pamene lilime likhale? Mawu athu amathera ndi vawelo, n'chifukwa chake tinapanga buku, sukulu, supuni, ndipo m'kope mudzapeza "schoolu". Tili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho "my mother he is cooking" mudzaimva mpaka mudzapume pantchito. Timamva njala, timamva fungo, timamva mawu, ndiye "I am hearing hungry" ili ndi gwero lake. Mukadziwa kumene cholakwa chikuchokera mumachikonza modekha. Koma musataye nthawi kufuna kuti mwana wa ku Ntchisi azilankhulira m'mphuno ngati wa ku London. Limbanani ndi pamene tanthauzo likusokonekera basi.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Ndinali m'chaka changa chachitatu cha ntchito, pasukulu ina ya m'boma la Mangochi, ndikuphunzitsa Sitandade 5. Kwawo ankalankhula Chiyao, Chichewa anachitolera kusukulu, ndiye Chingerezi chinali chachitatu. Koma kuwerenga kwake! Ankaimirira, buku m'manja, kupuma pa koma, kutsitsa mawu pa mpumiro, osaphonya ngakhale liwu limodzi. A PEA, alangizi a maphunziro a m'sukulu za pulayimale, akabwera kudzayendera, ndinkaloza iyeyo. Alendo akabwera, iyeyo. Ndinkanyada naye ngati ndine ndinamupanga. M'mayeso a sayansi ndi ulimi ankalephera, ine n'kumati ndi ulesi, mwina ntchito zamuchulukira kunyumba.

Teremu yachitatu, tsiku lina kunagwa mvula yamphamvu moti pamalata sipankamveka kanthu, ndinasiya kuphunzitsa n'kukhala pafupi naye. Anandiwerengera ndime ina, bwinobwino monga mwa masiku onse. Ndinamufunsa m'Chichewa, mongocheza, kuti nkhaniyi ikukamba za chiyani. Anayang'ana pa chithunzi, nati, "Za mnyamata." Ndinaphimba chithunzicho ndi dzanja n'kumupatsa tsamba lina. Anawerenga lonse. Nditamufunsanso, anangoyamba kukanda desiki ndi chala, misozi ili m'maso. Pa tsamba lonselo ankadziwa matanthauzo a mawu osaposa asanu. Anali atadziphunzitsa yekha kusandutsa malembo kukhala mawu a pakamwa, chinthu chofuna nzeru zambiri, ndipo aphunzitsi tonse amene tinamugwira tinkaombera m'manja, osamufunsa ngakhale kamodzi kuti wamvapo chiyani.

Ndinayesa kumuthandiza m'masabata otsalawo, koma materemu awiri anali atapita. Anabwereza Sitandade 5. Chaka chotsatira ine ndinasamutsidwa, ndipo ndinadzamva kuti anasiyira mu Sitandade 6. Anthu amanditonthoza kuti zifukwa zosiyira sukulu n'zambiri, umphawi, ukwati. Mwina. Koma funso limene ndinamufunsa tsiku la mvula lija silinkafuna ndalama, ndipo ndikanatha kulifunsa sabata yoyamba.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva mphunzitsi watsopano akuti, "Adzazolowera, tiyeni tidikire." Kudikira chiyani? M'masabata awiri oyamba muyenera kukhala mutakhala pansi ndi mwana aliyense, ngakhale mphindi ziwiri pansi pa mtengo nthawi ya buleki. Kwawo amalankhula chiyani, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe? Angawerenge Chichewa? Ngati sangathe, yambirani pamenepo, chifukwa mwana wosadziwa kulumikiza maphatikizo m'chilankhulo chimene amachimva sangayambire ku chimene sachimva. Pulogalamu ya kuwerenga ya NRP, imene inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku a mphunzitsi olembedwa sitepe ndi sitepe, inu muonetse, muchitire limodzi, kenako ana achite okha. Ndi othandiza kwa woyamba kumene. Koma ndaona ena akuwerenga bukulo ngati pemphero, maso osachoka papepala, gawo la ana kuchita okha n'kulidumpha poti nthawi yatha. Gawo limenelo ndilo phunziro lenilenilo.

Mwana kukhala chete masabata angapo m'chilankhulo chatsopano si vuto, akusonkhanitsa. Koma teremu yonse ali duu, ndipo ngakhale m'Chichewa satembenuka mukamuitana muli kumbuyo kwake, musamutche mbuli. Yang'anani makutu. Ana ambiri amatuluka mafinya m'khutu kwa miyezi, ena makutu anawonongeka atadwala malungo aakulu. Itanani makolo apite naye kuchipatala sabata yomweyo, ndipo funsani a PEA za aphunzitsi a maphunziro apadera, amene ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi. Ndipo makolo, chonde, lekani kuthira madzi a masamba kaya mafuta m'khutu mwa mwana, lekani kutha miyezi kwa asing'anga poti wina wati anamulodza kuti asaphunzire. Khutu limene likanachira ndi mankhwala a kuchipatala limafika pogontheratu anthu akuyendayenda.

Asing'anga alikonso a Chingerezi. Mudzawaona: chikwangwani pamtengo, "Chizungu m'mwezi umodzi." Mnyamata wangomaliza Fomu 4, wasonkhanitsa ana 30 pakhonde, akuwalowezetsa mayina a miyezi ndi matanthauzo a "noun" ndi "verb", makolo n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Mwana akafika kunyumba n'kulakatula kuti "A noun is a name of anything", agogo kululutira kuti mdzukulu wayamba kuthyola Chizungu. Tamufunsani kuti apemphe madzi akumwa m'Chingerezimo. Sukulu zina za mkaka ndi zina zoima pazokha zimagulitsa chinthu chomwechi, kungoti ndi yunifolomu yokongola. Sindikuti zonse, zilipo zabwino ndithu. Koma musanapereke ndalama funsani kuti mphunzitsiyo anaphunzira kuti, ndiponso ngati analembetsa ku Teachers Council of Malawi. Akayamba kuzungulira, nyamulani mwana wanu. Enanso ali pa WhatsApp, akugulitsa timapepala ta mayankho oloweza, ena mpaka kulonjeza likasa la mayeso a MANEB. Mwana woloweza chimangirizo chimodzi cha "My best friend" amakachilemba chomwecho ngakhale funso litakhala la ngozi ya pamsewu, ndipo ochonga amachizindikira pa mzere woyamba.

Inunso aphunzitsi atsopano, samalani kuti umphawi wa malipiro usakusandutseni mmodzi wa iwo. Ndaona anzathu akubisa zina m'kalasi m'mawa kuti akazigulitse masana pa patitayimu. Ndipo ngati Chingerezi chanu chomwe n'chogwedera, musachibise kumbuyo kwa galamala ndi manotsi odzaza bolodi. Werengani nyuzipepala mokweza, mverani nkhani pawailesi, funsani mnzanu wa kalasi yoyandikana. Zipangizo musadikire za ku likulu: paketi ya shuga, chikutiro cha sopo, katoni ya mafuta, zonsezi zili ndi Chingerezi chimene mwana amachiona tsiku ndi tsiku. TALULAR ija munalemba pamayeso ku koleji, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndi imeneyi.

Chaka chilichonse, kutatsala mwezi umodzi kuti a Sitandade 8 alembe, kumabwera bambo kapena mayi atagwira mwana padzanja. "Aphunzitsi, tathandizani, Chizungu chikumuvuta." Ndimamulandira mwanayo, timachita zimene tingathe m'masabata anayi, ndipo sindiwanamiza kuti zikhala zambiri. Kenako ndimawafunsa ngati kunyumba kuli mng'ono wake wa Sitandade 2, n'kuwauza kuti Lolemba abwere nayenso.