Mukamasewera tenisi: ululu wopumira kunyumba ndi ululu wothamangira kuchipatala

Ambiri amene timasewera tenisi ku kalabu timakhala pampando sabata yonse, kenako Loweruka n'kufuna kuthamanga ngati anyamata. Munthu amangotsika m'galimoto, kumanga nsapato, n'kuyamba kumenya mpira thupi lisanatenthe. Kuvulala kochuluka kumayambira pamenepo.

Vuto lodziwika kwambiri ndi la chigongono, limene madokotala amati tennis elbow. Ululu wake umamveka pa kafupa ka kunja kwa chigongono, pamene mitsempha yokweza dzanja imagwira fupa, ndipo nthawi zina umatsikira kumkono. Sumayamba mwadzidzidzi. Mumangoona kuti kunyamula kapu ya tiyi, kupotokola chitseko kapena kupatsa moni wa m'manja kwayamba kuwawa. Limakonda anthu a zaka 30 mpaka 50. Kawirikawiri chimalibweretsa ndi kumenya backhand (kumenya mpira kuseri kwa dzanja kutayang'ana kutsogolo) popinda dzanja m'malo mogwiritsa ntchito phewa ndi thupi lonse, komanso chogwirira cha raketi chosakukwanani kapena zingwe zokungika kwambiri. Amisiri a matabwa ndi openta nawonso limawagwira, ngakhale sanagwirepo raketi.

Pano pafunika kudekha mtima. Chigongono chimachira, koma chimatenga miyezi 6 kapena kuposa, ena mpaka zaka ziwiri. Chepetsani kusewera, pemphani kochi aone kamenyedwe kanu, ndipo pitani kwa a mafizo akuphunzitseni kulimbitsa minofu ya mkono pang'onopang'ono. Jakisoni wa steroid amaziziritsa ululu kwa masabata ochepa, koma kwa ambiri ululu umabwereranso. Musamuthamangire.

Phewa nalo limatopa ndi sevu, kumenya mpira woyambira uja umene mumauponya m'mwamba. Ngati likuwawa mukakweza mkono kapena mukaligonera usiku, lekani kaye kumenya mipira ya m'mwamba ndipo mukalipimitse.

Kubinya kakolo kumachitika m'kanthawi kochepa: mwatembenuka mofulumira, kapena mwaponda mpira umene unasiyidwa m'bwalo. Ikani ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu alionse, kwa masiku awiri kapena atatu oyambirira. Mangani bandeji mosathinitsa, ndipo mwendo ukhale pamwamba pa pilo. Tinazolowera kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu, ena mpaka kutema mphini. M'masiku oyamba kutentha ndi kusisita kumangowonjezera kutupa, ndipo mphini zimatsegula khomo la matenda. Panado amathandiza pa ululu. Brufen amathandizanso, koma ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, funsani kaye adokotala.

Chimene sitifuna kuti muchinyalanyaze ndi ichi. Mukamva ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa mwendo, mukutembenuka n'kupeza palibe munthu, mwina mnofu wa katumba wang'ambika kapena mtsempha waukulu wa pachidendene, wa Achilles, waduka. Ena amamva ndithu kuti "thu!" Wina amatha kuyendabe motsimphina n'kumati ndi zazing'ono, koma ngati simungathe kuima ndi zala za mwendo umenewo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mtsempha umenewu ukachedwa kuthandizidwa, kuulumikiza kumavuta. Dziwaninso kuti mankhwala a ciprofloxacin amatha kufooketsa mitsempha yotereyi. Ngati mukumwa ndipo chidendene chayamba kuwawa, lekani kusewera, mukauze adokotala msanga.

Thamangiraninso kuchipatala ngati mukulephera kuponda ndi mwendowo ngakhale kanayi kokha poyenda, ngati fupa lenilenilo likuwawa mukalikhudza, ngati mwendo kapena mkono wapindika mosazolowereka, kapena ngati phazi lachita dzanzi n'kuzizira. Angafunike kukujambulani X-ray.

Musanayambe masewera, tengani mphindi 10 kuthamanga pang'ono, kuyenda cham'mbali ndi kuzunguza mikono, ndipo mipira yoyamba muzimenya mofatsa. Nsapato zikhale za tenisi, chifukwa zothamangira pamsewu sizigwira phazi mukatembenukira kumbali. Pogula pa kaunjika, yang'anani kunsi ngati sizinaperepeseke. Tolani mipira yonse yomwazika musanaseve. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala sewerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo imwani madzi nthawi iliyonse mukusinthana mbali. Mnzanu akayamba chizungulire kapena kuyankhula zosokonekera padzuwa, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.