Mwana wa CAH akatentha thupi, mapilitsi ake musasiye, muwonjezere

Amayi, abambo ndi agogo amene mukulera mwana yemwe adokotala anamupeza ndi CAH, matenda obadwa nawo a tiziwalo ta pamwamba pa impso, uthengawu ndi wanu. Pa pepala la kuchipatala mwina analemba m'Chipwitikizi kuti hiperplasia suprarrenal congénita, ndi matenda omwewo. Ndi osowa kwambiri, pa ana pafupifupi 15,000 obadwa amapezeka m'modzi, nde musadabwe kuti ku Ulongué, ku Furancungo kapena ku Tsangano mukhoza kupeza nesi wodziwa bwino ntchito yake koma sanakumanepo ndi mwana wotere. N'chifukwa chake inuyo makolo mukuyenera kuwadziwa mankhwalawa ngati dzina lanu.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, kamapanga cortisol amene amagwira thupi kuti lisafooke makamaka pa nthawi ya matenda, komanso aldosterone amene amasunga mchere ndi madzi. Mwa ana opitirira 90 pa 100 alionse a CAH chimene chimasowa ndi enzyme yotchedwa 21-hydroxylase, chinthu chothandiza kachiwaloko kupanga cortisol ndi aldosterone, ndiye cortisol sakwanira, ndipo kwa ambiri mchere umangotayika ndi mkodzo. Mwana amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, iwo eni ake osadwala, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi pa inayi. Si ufiti, si kuti mayi analakwitsa china ali ndi pakati, apongozi asaloze chala mbali imodzi chonde. Mukakhalanso ndi pakati auzeni a kusikelo, poti khanda lachimuna limaoneka bwinobwino pobadwa kenako sabata yachiwiri kapena yachitatu liyamba kusanza, kukana bere, kuonda.

Mankhwala enieni ndi hydrocortisone, pa bokosi mupeza hidrocortisona. Sachiza ayi, amangolowa m'malo mwa zimene thupi likulephera kupanga, ndipo sakhalitsa m'magazi, n'chifukwa ana amamwa katatu pa tsiku nthawi zambiri. Ambiri amapatsidwanso fludrocortisone wosunga mchere uja, ndipo makanda ena amawonjezeredwa mchere woyezedwa ndi adokotala. Mlingo umatengera kukula kwa mwana nde umasintha, masiku obwerera kuchipatala osajomba.

Pilitsi la 10 mg ndi lalikulu kwa mwana wamng'ono, mudzauzidwa kudula pakati kapena panayi. Dulani ndi mpeni woyera wouma, kachidutswako muphwanye pakati pa masipuni awiri, thirani timadzi pang'ono kapena mkaka wa m'mawere pasipuni pomwepo, mwana amwe zonse ndipo muchukuchenso sipuniyo ndi timadzi tina amwenso. Musathire m'mbale ya phala, mwana akasiya theka la phala ndiye kuti wasiyanso theka la mankhwala ndipo simungadziwe kuti alowa angati.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, mwana akayamba kunenepa, kusewera, kuthamanga ndi anzake, achibale amayamba kunena kuti wachira basi mukumumwetseranji mapilitsi tsiku ndi tsiku. Sanachire. Akuoneka bwino chifukwa cha mapilitsiwo, ndipo adzamwa moyo wake wonse. Kupemphera pempherani, koma mankhwala asadukize ngakhale tsiku limodzi, kusiya mwadzidzidzi kukhoza kupha. Ndipo musadikire kuti atsale awiri m'botolo, akatsala a masabata awiri yambani kale kukonza ulendo, mukudziwa nokha mmene misewu ya kumapiri kuno imakhalira mu Januwale ndi Febuluwale chapa ikakanika kudutsa. Popita kumaliro kapena kukaona abale ku Dedza kapena kudzera pa Zóbue, botolo likhale m'chikwama chanu osati m'katundu wa pamwamba pa galimoto.

Tsopano tsiku limene mwana wadwala. Thupi la munthu wina aliyense likagwidwa malungo limapanga lokha cortisol wochuluka, la mwana wanu silingathe. Nde pamene mtima ukukuuzani kuti mwana wafooka tisamupatse mankhwala ambiri, apo ndi pamene akufunika ochuluka. Thupi likatentha kufika 38 kupita m'mwamba, kapena akutsekula m'mimba, hydrocortisone amawonjezeredwa kawiri kapena katatu pa mlingo wa masiku onse. Apempheni adokotala akulembereni papepala mwana adakali bwino, kuti tsiku lodwala ndi zidutswa zingati, nthawi yanji, mpaka liti, osadzayamba kuwerengera pakati pa usiku mwana akubuula. Fludrocortisone yekha sawonjezeredwa, amakhala pomwepo. Gulani choyezera kutentha kwa thupi chikhale m'nyumba, dzanja pamphumi limanama. Tsiku lomwelo kayezetseni malungo kwa APE, wazaumoyo wa m'mudzi uja, kapena kuchipatala, ndipo akakupatsani Coartem mwana amwe zonse, Coartem ndi hydrocortisone yemwe, wina salowa m'malo mwa mnzake. M'mwetseni SRO, madzi a mchere ndi shuga a m'paketi aja obwezera madzi m'thupi, pafupipafupi ndi zakumwa za shuga poti shuga wam'magazi amatsika msanga mwa ana amenewa.

Akasanza pasanathe mphindi 30 atamwa pilitsi, m'patseninso. Akasanzanso, kapena akungogona osafuna kudzuka, manja azizira, maso alowa, wakomoka, mapilitsi sangathandizenso, pakufunika hydrocortisone wa jakisoni nthawi yomweyo ndi diripu. Nyamukani usiku womwewo ngakhale pa njinga yamoto, osadikira kuche. Mukafika musakhale pamzere mwaulemu, nenani pakhomo pomwe kuti mwanayu ali ndi CAH akufunika hidrocortisona ya jakisoni, ndipo onetsani pepala lake. Ngati kwanu ndi kutali ndi chipatala funsani ngati angakupatseni jakisoni wosunga kunyumba n'kukuphunzitsani kubaya pantchafu. Kuthyoka fupa, kupsa kwambiri ndi moto, opaleshoni, ngakhale mdulidwe, zonsezi zimafuna mlingo wowonjezera, auzeni asanayambe kumugwira.

Amene muli ku Tete mtauni ndi ku Moatize mukudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 40, mwana amataya mchere wambiri ndi thukuta, nde madzi asamusowe ndipo akamafuna ndiwo zamchere musamukanize. Mapilitsi sungani pouma, pozizirirako, osati pawindo kapena pafupi ndi malata. Fludrocortisone wa makampani ena amafuna filiji, funsani ku farmácia kuti wanuyo ndi wotani.

Pali mankhwala amene amasokoneza. Rifampicin wa TB amapangitsa hydrocortisone kutha msanga m'thupi, chimodzimodzi phenobarbital ndi carbamazepine a khunyu, ndiye mlingo umafunika kukwezedwa. Ma ARV ena okhala ndi ritonavir amachita zosiyana, amawasunga nthawi yaitali. Aliyense wolemba mankhwala adziwe zimene mwana akumwa kale. Katemera yekha alibe vuto, mwana alandire onse.

Hydrocortisone akasowa musathamangire kumsika kukagula dexamethasone kapena prednisolone poti wogulitsa wati ndi amodzimodzi. Ndi a banja limodzi inde koma mphamvu zake n'zosiyana kutali, prednisolone wa 5 mg yekha akufanana ndi hydrocortisone wa 20 mg, ndipo dexamethasone ndi wamphamvu koposa apo, amapinimbiritsa mwana. Ngati pakufunika kusintha asinthe ndi adokotala, awerengere okha. Hidrocortisona wodzola pakhungu uja nayenso si wakumwa.

Muziyang'ana kakulidwe ka mwana. Nkhope ikamafufuma, akunenepa koma osatalika, mwina mlingo wachuluka. Akamatalika mothamanga kuposa anzake, tsitsi la kumaliseche lamera adakali wamng'ono, khungu likuderako, akutopa msanga, mwina wachepa. Musadzisinthire nokha, pitani nazo kuchipatala, ndipo ngati chapafupi sichingathe pemphani akutumizeni ku Hospital Provincial de Tete.

Pepala la tsiku lodwala lija lijambuleni pa foni, lina mupatse aphunzitsi ake, lina agogo kapena azakhali amene amatsala naye mukapita kumunda, ndipo muwaonetse ndi maso pamene pamakhala botolo ndi mmene mumadulira pilitsi.