Chala chikavulala juzi isanathe kulukidwa

Mwezi wa June ukamayandikira, kuno ku Lilongwe kumayamba kuzizira m'mawa, ndipo amayi oluka amakhala pakalikiliki: zipewa za makanda, masokosi, majuzi a ana asukulu, shawelo ya mdzukulu amene ali m'njira. Manja omwewo ndi amene amadula anyezi, kuphula mphika pambaula ndi kusita, ndiye ngozi sizichedwa. Ine monga namwino, ndikamamanga bala lapachala, funso limene limabwera msanga ndi lakuti, "Anesi, nanga mawa ndingagwire singano? Mwini juzi akudikira." Funsoli sindilipeputsa. Kwa ena kuluka ndi kumene kumakhazika mtima pansi madzulo, kwa ena ndi ndalama ya ndiwo.

Tsiku loyambiranso kuluka limadalira kwambiri zimene munachita m'mphindi zoyambirira. Mukadzicheka ndi mpeni, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja mutalikweza kupitirira pachifuwa. Magazi akasiya, tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, pukutani m'mbali, matani pulasitala. Mukapsa ndi phala, mafuta kapena simbi, ikani dzanja pamadzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Ngati pampopi pauma, thirani madzi a m'ndowa ndi kapu mobwerezabwereza. Ayezi musaikepo. Vulani mphete chala chisanatupe.

Pano ndipemphe mochokera pansi pa mtima: Colgate, dzira, mchere, mafuta ophikira, phulusa, kapena ufa wa m'kapisozi zisafike pabala. Ndikudziwa kuti amene amakuuzani zimenezi ndi achibale okufunirani zabwino, koma ife timayenera kuzikolopa zonsezo tisanaone kuya kwa bala, ndipo kukolopako kumapweteka kuposa kupsa kwenikweniko. Thuza musaliboole ndi singano. Khungu lotukukalo ndi limene likuteteza mnofu wosakhwima uli pansi pake.

Chimene oluka ayenera kuchidziwa bwino ndi mmene chala chinapangidwira. M'chala mulibe mnofu wochipinda. Mnofu umene umachipinda uli kumkono, ndipo umakoka chalacho kudzera m'mitsempha yolimba yodutsa pansi penipeni pa khungu, ngati mmene waya wa buleki ya njinga amagwirira ntchito. M'mbali ziwiri za chala chilichonse mumadutsanso timitsempha timene timachititsa kuti muzimva ulusi ukamayenda pachala. Choncho kabala kooneka kakang'ono, kosatuluka magazi ambiri, kangathe kudula chimodzi mwa zimenezi.

Dziyeseni nokha muli pakhomo. Gwirani pakati pa chala chovulalacho ndi dzanja linalo, kenaka pindani kansonga kokha, kamene kali ndi chikhadabo. Pindaninso chala chonse, ndipo chiwongoleni mpaka chiwongoke ndithu. Tengani kachidutswa ka ulusi, tsinzinani, mukhudzitse kunsonga ya chala mbali iyi ndi iyo. Ngati kansongako kakukana kupindika, chala chikulendewera, kapena mbali imodzi yachita dzanzi, musadikire kuti muone mawa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Bwaila, ndipo akaona kuti mtsempha waduka adzakutumizani ku Kamuzu Central. Mtsempha woduka sulumikizana wokha. Umabwerera chakumkono, ndipo kuusoka kumayenda bwino m'masiku oyambirira. Ukasokedwa, pamafunika masabata pafupifupi 12 kuti ulimbe, ndipo pamenepo juzi ija ipatseni mnzanu amalize.

Kuchipatala mupitenso ngati bala layasama, magazi sakusiya, kapena mwapsa malo aakulu kuposa chitsekerero cha botolo, makamaka polumikizira chala. Popsa pakaoneka poyera koma posapweteka, ndiye kuti moto walowa mkati. Nyamulani buku lanu lakuchipatala kuti tione katemera wa kafumbata. Amayi ambiri analandira kusikelo ali oyembekezera, koma ngati papita zaka zoposa 10, kapena zoposa 5 pamene bala ndi lakuda, amafunika wina. Odwala shuga asachedwe ngakhale bala lichepe bwanji.

Tinene kuti zonse zili bwino, bala ndi lapamwamba. Apa anthu amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amayamba kuluka tsiku lachiwiri pulasitala ili pachala. Vuto ndi lakuti ulusi umadutsa pa chala chamkombaphala malo amodzimodzi kambirimbiri, chala chachikulu chikukankha singano, ndipo zala ziwirizi ndi zimene mpeni umakonda kupeza. Kukhulako kumasendeza pulasitala, kumatsegula bala limene limati lizigwirana, ndipo tiubweya ta ulusi timakakamira m'kati. Khungu likatseka pamwamba sindiye kuti lalimba. Pakatha masabata 3 chipsera chimakhala ndi mphamvu pafupifupi 20 peresenti ya khungu labwinobwino, ndipo chimafika pa 80 peresenti patatha miyezi 3.

Ena amachita mantha n'kulikulunga dzanja lonse m'chitenje kwa sabata ziwiri osaligwedeza. Awa ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa bala limapola koma zala zimauma, makamaka kwa achikulire amene ali kale ndi nyamakazi. Mangani chala chovulala chokha. Zotsalazo zipindeni ndi kuziwongola kangapo patsiku kuyambira tsiku loyamba, ndipo chovulalacho muzichigwedeza pang'onopang'ono mpaka pamene bala layamba kukoka, osapitirira. Pogona ikani dzanja papilo kuti kutupa kutsike. Ululu ukakula, wamkulu amwe Panado awiri, osapitirira asanu ndi atatu patsiku.

Masiku odikirawa sayenera kupita pachabe. Mungathe kusankha mitundu ya ulusi, kulemba miyezo ya ana, kapena kukhala pakhonde ndi mdzukulu, iye atagwira singano inu mukumuuza poponya ulusi. Mwini juzi muuzeni zoona msanga, ndipo mumupatse tsiku lokhala ndi mpata.

Yambiraninso kuluka pamene bala lauma, silikutuluka madzi, ndipo mungathe kufumbata dzanja popanda kukoka. Kwa bala laling'ono la mpeni zimatenga pafupifupi sabata imodzi. Ngati anakusokani, dikirani achotse ulusi wakuchipatala, kawirikawiri pakatha masiku 10 mpaka 14. Yambani ndi singano zonenepa ndi ulusi wofewa, mphindi 10 kapena 15 basi, pachipsera mutamata pulasitala yatsopano. Mukaima, yang'anani chala. Chikafiira kapena kutupa, pumulani tsiku lotsatira. Chipsera chikatsekeratu, chisisiteni ndi Vaseline m'mawa ndi madzulo kuti chifewe.

Nthawi yonseyi muzionetsetsa ngati bala layamba kugunda usiku, kutentha, kutuluka mafinya, kapena mwatuluka mwanabele kukhwapa. Zikatero siyani singano mupite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya akalowa m'njira ya mtsempha wopinda chala amafalikira msanga mpaka m'chikhatho. Chimodzimodzinso popsa pakakhala kuti sipanapole pakatha masabata awiri, bwererani akakuoneninso.