Mavayirasi amene amapha mbozi m'minda yathu

Mlimi wa ku Thondwe kapena ku Jali amene amayendera munda wake m'mawa akhoza kupeza mbozi yakufa ili lende pansonga pa tsamba la chimanga, thupi lake litada ndi kufewa, moti kungoikhudza pang'ono khungu limaphulika n'kutuluka madzi. Kawirikawiri imfa yotere imadza ndi mavayirasi otchedwa baculovirus, amene amagwira makamaka mbozi za agulugufe oyenda usiku, monga ntchemberezandonda, mbozi ya thonje, ndi mbozi yachilendo ya chimanga ija, yotchedwa fall armyworm, imene inafika mu Africa mu 2016 n'kuchititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino agwa m'tsoka.

Vayirasiyu amakhala patsamba atakutidwa ndi kachikopa kolimba ka puloteni, ndipo sachita kanthu mpaka mbozi itamudya pamodzi ndi tsambalo. Madzi a m'matumbo a mbozi ndi amene amasungunula kachikopako, kenaka vayirasi amalowa m'maselo a matumbo n'kufalikira thupi lonse. Chodabwitsa n'chakuti mbozi yodwalayo imakwera pamwamba pa mbewu isanafe, kotero kuti ikasungunuka, madzi ake odzaza ndi mavayirasi amadontha pamasamba a m'munsi pomwe anzake akudya.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti amasankha. Sagwira munthu, mbuzi, nkhuku kapena njuchi, ndipo amasiya amoyo nyerere ndi mavu amene amadya mbozi, pomwe mankhwala ambiri ogula amapha zonse pamodzi. Ku Brazil alimi a soya akhala akupopera vayirasi wotere kwa zaka zambiri, ena pongotola mbozi zofa nazo, kuzinyenya m'madzi, kusefa ndi kupopera.

Komabe ndikuchenjezeni kuti kusankha komweko ndi malire ake, pakuti vayirasi wa mbozi ya thonje sitingamudalire pa mbozi ya chimanga. Sapha tsiku lomwelo. Mbozi imafa patapita masiku angapo, nthawi zina sabata yathunthu, ndipo mbozi yaikulu imene yabisala kale mkati mwa nsonga ya chimanga imavuta kuifikira. Dzuwa nalonso limamuwononga msanga. N'chifukwa chake wopopera ayenera kutero madzulo, mbozi zikadali zazing'ono, pamene masamba angoyamba kuoneka okalika moonekera kuwala ndipo sanabooke.