Chigoli cha Bruce cha mphindi ya 96: woyimbira sanabe kanthu

Nkhani iyi ndatopa nayo. Ndayimbira mpira zaka zambiri, pano mawondo anakana ndiye ndimangophunzitsa achinyamata ofuna kugwira wezulo. Koma paliponse pomwe ndakhala pansi kuti ndionere mpira wa ku England, sipalephera kupezeka munthu wonena kuti ufumu wa Manchester United unayamba ndi refa amene anakana kuthetsa masewero mpaka Steve Bruce atagoletsa. Amanena motsimikiza ngati analipo. Mukamufunsa dzina la refayo, amayamba kukanda kumutu.

Linali tsiku la 10 Epulo 1993, pa bwalo la Old Trafford, United ikusewera ndi Sheffield Wednesday. Woyimbira amene anayambitsa masewerowo anali Michael Peck. M'chigawo chachiwiri anavulala mwendo, zinakanika kuti apitirize, ndipo wezulo anaupatsira John Hilditch yemwe tsikulo anabwera kudzanyamula mbendera. Aliyense amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti kusinthana kotere si kwa masekondi 30. Wovulalayo ayambe waonedwa kaye, atuluke, wolowayo alandire makhadi ndi kabuku, afunse kuti wotchi ili pati, kenako papezeke wina wotenga mbendera. Nthawi yonseyo mpira uli chiimire, ndipo lamulo limati nthawi yotayika ibwezedwe. Silinena kuti ibwezedwe ngati woyimbira akufuna.

Chomwe anthu a m'mabawa sanena ndi ichi. Hilditch yemweyo, amene akuti anagulidwa, atangolandira wezulo anapereka penate kwa alendo. Paul Ince wa United anagwetsa Chris Waddle wa Wednesday m'bokosi, John Sheridan n'kumwetsa penateyo. Pa Old Trafford, chikho chili pamphuno, munthu wobwera ndi cholinga chothandiza eni bwalo angayambe ndi penate yowapweteka? Bruce anabweza ndi mutu pa mphindi ya 86 kuchokera pa kona ya Denis Irwin. Chachiwiri chinabwera pa mphindi ya 96, ndi mutunso, pa mpira womwe Gary Pallister anaponya m'kati. Ndi pomwe Brian Kidd, wachiwiri kwa mphunzitsi wa United, anathamangira m'bwalo n'kugwada, zomwe mumaona pa kanema mpaka lero. Alex Ferguson, mphunzitsi wa United nthawi imeneyo, pambuyo pake ananena kuti ataoneranso masewerowo ndi wotchi m'manja anapeza kuti zinayenera kuwonjezedwa mphindi 12. Iye ndi mwini nkhani, mukhoza kumukayikira. Ine ndimangoti mphindi 6 kapena 7 pa chigawo chomwe woyimbira wasinthidwa si zodabwitsa ngakhale pang'ono.

Chinasokoneza anthu n'choti nthawi imeneyo kunalibe bolodi lija lokwezedwa m'mwamba kuonetsa mphindi zowonjezera. Nthawi inali pamkono pa munthu mmodzi, ena onse akungoganizira. Ndipo ngakhale lero bolodi lilipo, anthu akulimvabe molakwika. Nambala yomwe imakwezedwayo ndi yochepetsetsa. Woyimbira akhoza kuwonjezerapo, koma saloledwa kuchotsapo. Ndabwereza izi mpaka mawu kusasa. Mu Seputembala 2009, pa masewero a United ndi Manchester City, bolodi linaonetsa 4, Michael Owen wa United n'kugoletsa itadutsa mphindi yachisanu. Mark Hughes, mphunzitsi wa City nthawi imeneyo, anakalipa kwambiri. Koma Craig Bellamy wa City anali atangogoletsa pamapeto penipeni pa mphindi 90, City ikusangalala mosafulumira, kenako United inalowetsa Michael Carrick. Woyimbira Martin Atkinson akanataya kuti masekondi amenewo? Ku Qatar mu 2022, pa masewero a England ndi Iran, chigawo choyamba chokha chinawonjezedwa mphindi 14 goloboyi wa Iran atavulala kumutu, ndipo palibe amene anati England yagula FIFA.

Tiyerekeze kuti Hilditch anaimba wezulo pa 90 ndendende, masewero n'kutha 1-1. United ikanataya mapointi 2. Ligiyo inatha United ili ndi 84, Aston Villa 74. Ndikudziwa kuti mpira si masamu okha, chigoli chija chinawalimbitsa mtima ndipo anapambana masewero onse 5 otsalawo. Koma kusiyana kwa mapointi 10 sikuchokera pa wezulo mmodzi. Chikho chinatsimikizika pa 2 Meyi, Villa itagonja 1-0 pakwawo ndi Oldham Athletic, United isanalowe n'komwe m'bwalo.

Amene akufuna kudziwa komwe ufumuwo unachokera abwerere ku Novembala 1986, Ferguson akufika kuchokera ku Aberdeen n'kupeza timu yomwe inali isanatenge ligi chiyambire 1967. Zaka zoyamba zinali zowawa: nambala 11 mu 1989, nambala 13 mu 1990. Anagulitsa Paul McGrath ndi Norman Whiteside, okondedwa a masapota, ndipo anthu anafika pokweza nsalu yomuuza kuti azipita. Akuluakulu a timu anapirira naye. FA Cup ya 1990, kugonjetsa Barcelona ku Rotterdam mu 1991, Peter Schmeichel kubwera chaka chomwecho, Eric Cantona kuchokera ku Leeds mu Novembala 1992, ndi anyamata a Eric Harrison, mphunzitsi wa timu ya achinyamata, akina Giggs, Beckham, Butt ndi Gary Neville, akukula kuseri. Bruce yemweyo, wotchinga kumbuyo, anamwetsa zigoli 19 m'chaka cha 1990/91. Mutu wake sunayambe kugwira ntchito tsiku la Hilditch. Zikho 13 za ligi pofika 2013 mungazikoloweke pa munthu amene m'mawa wa tsikulo ankadziwa kuti akukanyamula mbendera?

Sindikunena kuti oyimbira sankalakwa pa Old Trafford. Mu Januwale 2005 mpira wa Pedro Mendes wa Tottenham unalowa bwinobwino, goloboyi wa United Roy Carroll n'kuuvuula m'kati mwa golo, chigoli osaperekedwa. Kunali kulakwa kochititsa manyazi. Mu Epulo 2010, pa bwalo lomwelo, Didier Drogba wa Chelsea anagoletsa ali pa ofusayidi, Chelsea inapambana 2-1 n'kudzatenga ligi ndi pointi imodzi. Ameneyo wogula marefa anali kuti tsiku limenelo?

Chomwe chilipodi, ndipo ife a ntchitoyi sitikonda kuchivomera, ndi mantha. Akatswiri atatu a zachuma anafufuza masewero a ligi ya ku Spain n'kupeza kuti eni bwalo akamagonja ndi chigoli chimodzi, oyimbira ankawonjezera nthawi pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamene eni bwalowo akutsogola ndi chimodzi. Sipafunika envulopu. Khamu likakuwa, dzanja limalemera lokha. Ndikudziwa chifukwa zinandichitikira, ndipo mpaka pano zimandidzutsa usiku.

Ndinali ndisanakhwime pa ntchito. Bwalo la fumbi lopanda mpanda, anthu aima pa mzere weniweni, apolisi awiri okha. Eni bwalo ankatsogola 1-0. M'chigawo chachiwiri mnyamata wa alendo anagundana mutu ndi goloboyi, machira kunalibe, anachita kumunyamula anzake. Mpira unalowa m'munda wa chimanga kawiri, ndipo ana okautola anali a m'mudzi momwemo, sankafulumira. Sindinalembe chilichonse. Ndinkati ndiwerengera kumapeto. Itakwana 90 ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana anthu aja, ena atayamba kale kulowa m'bwalo, ndipo ndinawonjezera mphindi imodzi basi. Alendo anali atawapanikiza eni bwalo, kona pambuyo pa kona. Ndinawabera mphindi zosachepera 7. Kaputeni wawo anabwera, anandigwira chanza, n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwayimba bwino." Sanadziwe. Palibe anadziwa. Eni bwalo anandigulira chakumwa chozizira, ine ndinamwa.

Ndiye mukamandiuza za Hilditch, ine ndimaona munthu amene anachita zomwe ine ndinalephera. Zoona, iye khamu linali kumbali ya nthawi yaitali, choncho sanafunike kulimba mtima ngati mmene ine ndinafunikira. Komabe anabweza nthawi yomwe inatayika, ndipo kwa zaka zoposa 30 dzina lake likutchulidwa ngati la wakuba. Ine amene ndinabadi ndinapita kunyumba ndi ulemu wanga wonse.

Kwa achinyamata anga a wezulo: mpira ukaima, lembani pomwepo. Osati kenako, osati pa 85. Mukachedwa, mudzawerengera muli ndi phokoso m'makutu, ndipo yankho lidzachokera ku khamu. Wotchi ziwiri, imodzi yoimitsa, ina yongoyenda. Uzani wothandizira wanu nambala mphindi zisanathe, kuti mukafuna kubwerera m'mbuyo muchite manyazi ndi iye.

Koma amene akundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano si marefa. Bodza loti masewero onse akuluakulu amakonzedweratu lasanduka msika. Pa WhatsApp ndi pa Facebook padzaza anthu odzitcha kuti ali ndi mnzawo m'kati, amene amadziwa kuti refa wa Loweruka walandira zingati ndipo masewero atha bwanji. Tumizani ndalama, akupatseni zigoli zake, mukabetche. Umboni wawo ndi nkhani zomwezi, Bruce 1993, Owen 2009, atadula kanema pomwe akufuna. Machenjerero ake ndi akale. Anthu 30 amawauza zotsatira zosiyanasiyana, mmodzi kapena awiri zimawayendera mwangozi, ndipo amenewo ndiwo amabwerera ndi ndalama zambiri, n'kukokanso anzawo. Sasiyana ndi sing'anga wokwirira zithumwa pa golo, amene timu ikagonja amati osewera anaphwanya chizimba. Munthu wodziwadi kuti masewero agulidwa sangakugulitseni chinsinsicho pa mtengo wa mayunitsi. Akanabetcha yekha, mwakachetechete.

Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa, waluso ndithu pa mbendera, anataya fizi ya teremu yonse mwa njira imeneyi. Anabisa kwa miyezi iwiri, akubwereka kuti abweze zomwe analuza, ndipo pomwe ankabwera kudzandiuza ngongole inali itaposa fiziyo katatu. Akanabwera sabata yoyamba tikanakambirana ndi makolo ake nkhani ikadali yaing'ono. Ndinamufunsa kuti iwe, amene ukudziwa lamulo la nthawi kuposa anzako onse, unakhulupirira bwanji? Anati munthuyo anamutumizira kanema wa chigoli cha Owen, atazunguliza 4 wa pa bolodi uja ndi mzere wofiira.