Akatswiri amene amafufuza chikupha nkhalango

Mitengo ikayamba kufiira masamba phiri lonse, anthu amatifunsa ife oona za umoyo wa nkhalango kuti, "Chaipha n'chiyani?" Amayembekezera kuti titchula dzina limodzi. Koma nthawi zambiri yankho lake limafuna anthu anayi kapena asanu amene anaphunzira zosiyana kutalitali. Ambiri akamva kuti uje ndi wa zankhalango amangoganiza za wofesa mbande kapena mlonda wogwira odula mitengo, pamene pali gulu lina lalikulu limene ntchito yake ndi kufufuza.

Ku British Columbia, m'dziko la Canada, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kachilombo kotalika mamilimita 5 okha, kotchedwa mountain pine beetle, kanasakaza nkhalango ya paini yoposa mahekitala 18 miliyoni. Mukafunsa katswiri wa tizilombo, akuuzani kuti kakakazi kamaboola khungwa n'kutulutsa fungo loitana anzake, ndipo tikachuluka mtengo umalephera kutikankha ndi utomoni wake. Katswiri wa matenda a mitengo awonjezera kuti tizilomboti timabwera ndi fangasi, mtundu wa bowa wosaoneka ndi maso, amene amatseka njira za madzi m'thunthu. Wa zanyengo akumbutsa kuti kale chisanu chofika madigiri 40 pansi pa ziro chinkapha mphutsi zambiri, koma chisanu chotere chinayamba kusowa. Ndiye wodziwa mbiri ya nkhalangoyo anena kuti kuzimitsa moto kwa zaka zambiri kunasiya mitengo yokhwima, ya msinkhu umodzi, itangoti mbwee dera lonse, yomwe ndi imene kachilomboka kamakonda. Onsewa akunena zoona. Kachilomboka sikanali kachilendo kumeneko. Chinasintha ndi nyengo ndi nkhalango yomwe.

Pa akatswiri onsewa, amene ndimaona kuti sapatsidwa ulemu wokwanira ndi uja wodziwa kuzindikira tizilombo ndi kutipatsa dzina. Mu 2002, mitengo ya ash inali kufa kufupi ndi mzinda wa Detroit ku America, ndipo m'makungwa mwake munapezeka kachilombo kobiriwira, konyezimira, kamene akatswiri a m'dzikomo sankakadziwa. Anachita kutumiza zitsanzo kunja, mpaka katswiri wina wa ku Slovakia anatsimikiza kuti ndi kachilombo ka ku Asia, kamene lero kamatchedwa emerald ash borer. Popanda dzinalo palibe chimene chikanayenda, chifukwa dzina ndi limene limakuuzani kumene kachilombo kachokera, mitengo imene kamadya, ndi adani ake achilengedwe amene mungakawafune kwawo. Munthu wotere amakhala zaka zambiri pa maikulosikopu, akuyerekeza timiyendo ndi timapiko ta mtundu umodzi wokha wa tizilombo. Ntchito yake sionekera, ndipo ophunzira ochepa ndi amene amaifuna.

A matenda a mitengo nawo ali ndi chilonda chimene amaphunzitsa wophunzira aliyense. Mu 1904 anapeza fangasi wachilendo pa mitengo ya chestnut pamalo osungira nyama a Bronx ku New York. Pomatha zaka 50, mitengo yoposa 3 biliyoni inali itafa. Fangasiyo anabwera ndi mbande zochokera ku Asia, kumene mitengo ya chestnut inazolowerana naye kalekale. N'chifukwa chake ena mwa anzathu sagwira ntchito m'nkhalango konse, ali m'madoko akusegula makontena. Mabokosi ndi mathabwa onyamulira katundu ndi njira yaikulu ya tizilombo toboola mitengo, ndipo lamulo la mayiko onse lotchedwa ISPM 15, limene linavomerezedwa mu 2002, limafuna kuti mathabwa otere aphedwe tizilombo, mwachitsanzo powatenthetsa mpaka m'kati mwake mufike madigiri 56 kwa mphindi 30.

Nkhani ya moto ndi imene imaonetsa bwino kuti khomo lolowera m'ntchitoyi si limodzi. Richard Rothermel anali injiniya wa zandege. Anapita kukagwira ntchito ku labotale yofufuza za moto ku Missoula, m'chigawo cha Montana, imene inatsegulidwa mu 1960. Kumeneko ankayala masamba ouma a paini ndi timitengo m'chipinda chowomba mphepo, n'kuyatsa, n'kumayeza liwiro la moto. Mu 1972 anatulutsa masamu olosera mmene moto ungathamangire potengera kuchuluka kwa zouma zili pansi, chinyezi chake, mphamvu ya mphepo ndi kutsetsereka kwa malo. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri chifukwa malawi amapendekera ku udzu uli kutsogolo n'kuuumitsa asanaufike. Mapulogalamu a kompyuta amene ozimitsa moto ku America amadalira lero, poganiza kumene angaike anthu awo osawapereka ku imfa, akadali otsamira pa masamu amenewo.

Wina anali Andrew Ellicott Douglass, katswiri wa nyenyezi. Iye ankafuna kudziwa ngati madontho a padzuwa amasintha nyengo, ndipo anayamba kuwerenga mizere yozungulira ya m'thunthu la mtengo, poti m'madera a nyengo zosinthasintha mtengo umawonjezera mzere umodzi pachaka, wonenepa chaka cha mvula, woonda chaka cha chilala. Mu 1937 anakhazikitsa labotale ya ntchitoyi pa yunivesite ya Arizona. Otsatira ake anaona kuti moto ukadutsa osapha mtengo umasiya chipsera pa mzere wa chaka chimenecho. Atawerenga zipserazo, anapeza kuti nkhalango za paini wa ponderosa kum'mwera chakumadzulo kwa America zinkapsa pafupipafupi, pakangopita zaka zochepa, ndi moto wapansi wongosesa zinyalala. Koma mu 1935 boma linali litaika lamulo lakuti moto uliwonse ukhale utazimitsidwa pofika 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Zouma zinaunjikana, timitengo tinamera mothithikana, ndipo moto wobwera pambuyo pake unayamba kukwera mpaka kunsonga. Luso lomweli lowerenga mizere ndi limene linaonetsa kuti emerald ash borer anali atayamba kale kupha mitengo ku Michigan m'zaka za m'ma 1990, anthu asanadziwe.

Achinyamata ambiri masiku ano amakokedwa ndi zithunzi za setilaiti, ndipo sindingawadzudzule. Setilaiti yoyamba ya Landsat, yojambula dziko lapansi, inaponyedwa m'mlengalenga mu 1972, zithunzi zake zinayamba kupezeka kwaulere mu 2008, ndipo mu 2013 gulu la Matthew Hansen la pa yunivesite ya Maryland linatulutsa mapu a kutha kwa nkhalango padziko lonse, kadontho kalikonse kakuimira malo a mamita 30 m'litali ndi m'lifupi. Ku Brazil, bungwe la boma lofufuza za m'mlengalenga, la INPE, lakhala likuyeza kudulidwa kwa nkhalango ya Amazon chaka ndi chaka kuyambira mu 1988. Munthu wodziwa mapu, masamu ndi kulemba mapulogalamu sasowa pogwira. Komabe setilaiti ili ngati kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi: imakuuzani kuti wodwala watentha, osati matenda amene akudwala. Ikaonetsa kuti kubiriwira kwatsika pamalo pena, mwina ndi chilala, mbozi, matalala, fangasi kapena nkhwangwa. Pamafunika munthu wopita pamalopo, kusenda khungwa, kuona mmene mphutsi zajambulira njira zake, kufukula mizu n'kuinunkhiza. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti otha kuwerenga mapu akuchuluka pamene otha kuwerenga khungwa akupuma pantchito opanda owalowa m'malo.

Pali akatswiri enanso amene anthu sawaganizira: ofufuza za khalidwe la anthu. Kafukufuku wa mu 2017 anaonetsa kuti pa moto 100 uliwonse wa m'tchire ku America pakati pa 1992 ndi 2012, 84 unayatsidwa ndi anthu. Tizilombo timayenda mtunda wautali m'nkhuni zimene anthu amanyamula pa galimoto. Wodziwa chifukwa chake anthu amachita zimenezi, n'kutha kulankhula nawo, amapulumutsa mitengo yambiri monga wa m'labotale.

Amene mukufuna ntchitoyi, ambiri amayamba ndi digiri ya zankhalango, ya zamoyo, ya jogalafe kapena ya masamu, kenako n'kuzama pa chinthu chimodzi pa digiri yachiwiri kapena yachitatu. Amalembedwa ntchito m'madipatimenti a boma, m'mayunivesite, m'makampani a matabwa ndi m'mabungwe monga FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi. Koma kafukufuku wambiri amaimira pa anthu a dipuloma amene amabwerera pa mitengo yomweyo chaka ndi chaka ndi tepi yoyezera ndi kabuku. Ntchitoyi imafuna kudekha, chifukwa mtengo suyankha msanga. Ku nkhalango ya Hubbard Brook, m'chigawo cha New Hampshire ku America, asayansi anayamba kuyeza madzi a mvula ndi a m'mitsinje mu 1963, ndipo ndi m'menemo mmene Gene Likens ndi anzake anazindikirira kuti mvula ya ku North America ili ndi asidi. Anayezabe kwa zaka zina zoposa 30 asanaonetse kuti mvulayo yakhala ikukokolola kashiamu, mchere wa m'dothi umene mitengo imadalira. Ndiye phunzirani masamu owerengera zotsatira za kafukufuku, phunzirani kulemba zomveka kwa munthu wamba, ndipo mukapeza mpata woyenda m'nkhalango ndi katswiri wachikulire wodziwa tizilombo kapena matenda a mitengo, musauphonye, ngakhale ntchito yanu ikhale yongomunyamulira zida.