Ntchito yanga ikalowa m'chionetsero, ikhalabe yanga? Mafunso ndi mayankho kwa aluso a kumidzi

M'matauni ang'onoang'ono a kumidzi, zionetsero za zaluso zimachitikira m'holo ya sukulu, mu laibulale, pena pansi pa tenti. Ozikonza amakhala anthu odzipereka, odziwana bwino ndi aluso amene awaitana. Kudziwanako n'kokoma, koma n'komwenso kumachititsa kuti wosema kapena woumba asiye ntchito ya miyezi yambiri m'manja mwa ena popanda kapepala kalikonse. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera aluso ndi makomiti omwe. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma maziko ake ngofanana kwambiri.

Ndani amaloledwa kuonetsa, ndipo amasankha ndani?

Zionetsero zina zimalandira aliyense bola malo alipo. Zina zimakhala ndi oweruza, ndipo zina okonza amachita kuitana okha. Chikalata choitanira aluso chinene poyera kuti ichi ndi cha mtundu uti, tsiku lomaliza kulandira ntchito, kukula kwa ntchito yololedwa, komanso ngati pali ndalama yolembetsera ndi ngati imabwezedwa kwa amene sanasankhidwe. Pamalo poti aliyense ndi m'bale wa wina, kukayikirana sikuchedwa. Komiti yanzeru imaika manambala pa ntchito m'malo mwa mayina, n'kuitana woweruza mmodzi wochokera kutali.

Ndikasiya ntchito yanga kwa okonza, ndichoke ndi chiyani m'manja?

Pepala losainirana, lanu limodzi, lawo limodzi. Palembedwe dzina lanu, dzina la ntchito, kukula kwake, zimene mwaipangira, mtengo wake kapena mawu oti siikugulitsidwa, tsiku losiya ndi tsiku lodzatenga. Ijambuleni pa foni mbali zonse iwo akuona, kuti mng'alu ukadzapezeka pasadzakhale kulozana zala. Funso loti likuvutitseni ndi lakuti, ikasweka kapena kubedwa, alipira ndani? Zionetsero zing'onozing'ono zambiri sizikhala ndi inshuwalansi. Limenelo si tchimo, koma akuuzeni musanasiye ntchitoyo, kuti musankhe nokha kuisiya kapena kubwerera nayo. Funsaninso chimene amachita ndi ntchito imene mwini wake wachedwa kudzatenga.

Ena amaona ngati kupempha pepala n'kunyoza anzawo. Ine ndimaona kuti pepalalo ndi limene limasunga ubale, chifukwa anthu a m'komiti amasintha, ndipo obwera m'mbuyo sadziwa zimene munagwirizana pakamwa.

Ikagulidwa, ndalama zonse n'zanga?

Kawirikawiri okonza amadulapo komishoni. Malo ogulitsira zaluso a m'mizinda ikuluikulu nthawi zambiri amatenga pafupifupi theka, pomwe zionetsero za m'madera zimatenga yocheperapo. Gawolo lidziwike musanaike mtengo, ndipo tsiku lolandira ndalama lilembedwe. Wina aliyense asatsitse mtengo wanu musanavomere.

Munthu wagula chojambula changa. Angachisindikize pa makalendala kapena pa nsalu n'kumagulitsa?

Ayi, pokhapokha mutamulola. Aluso ambiri amalandidwa pomwepa, choncho tifatsepo.

M'malamulo a copyright (oteteza umwini wa luso) a mayiko ambiri, kugula chinthu ndi kugula umwini wa luso lake n'zosiyana. Wogula watenga thabwa, mwala kapena nsalu. Angachipachike kwake, angachipereke mphatso, angachigulitsenso. Koma ufulu wochichulukitsa, kuchisindikiza kapena kupangira malonda chithunzi chake umatsala kwa inu mpaka mutaupereka, ndipo mayiko ambiri amafuna kuti kuperekako kukhale kolembedwa.

Maziko a zimenezi ndi pangano la mayiko loteteza luso, la ku Berne ku Switzerland, la mu 1886, limene lero lili ndi mayiko oposa 180. Panganolo limati chitetezo chisadalire kulembetsa: ntchito ikangopangidwa, ndiye kuti yatetezedwa. Chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa mwini luso ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ena, monga a mu European Union ndi United States, anafikitsa pa 70. Koma opanga zinthu zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku atchere khutu. Pa zaluso zoterezi panganolo limalola dziko kupereka zaka 25 zokha kuchokera pomwe chinthucho chinapangidwa, ndiye oluka, osoka ndi oumba afunse mmene lamulo la kwawo limaonera ntchito zawo.

Palinso ufulu wina umene sutha ngakhale mutagulitsa umwini wonse: kutchulidwa kuti ndinu mwini ntchitoyo, ndi kukana kuti isinthidwe mwa njira yokuchotserani ulemu.

Nkhani ya amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa ku Alabama ku United States, imaonetsa kuti zimenezi si zongokamba. Amayiwa akhala akusoka zofunda za zigamba kwa mibadwo ingapo. Mu 2002 ntchito zawo zinaonetsedwa ku nyumba yoonetsera zaluso ya Museum of Fine Arts ku Houston, kenaka ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zinatuluka pa masitampu. Kutchukako kunabweretsa malonda a katundu wokhala ndi zithunzi za zofundazo, moti mu 2007 ena mwa amayiwo anapita kukhoti kukadandaula za malipiro ndi kagwiritsidwe ntchito ka luso lawo.

Nanga okonza angajambule ntchito yanga n'kuiika pa Facebook?

Kulengeza chionetsero kumafuna zithunzi, ndipo aluso ambiri amakondwa nazo. Chilolezocho chikhale pa pepala lija, ndi malire ake: cholengezera chionetserochi basi, dzina lanu lizitchulidwa, osati kupangira zinthu zogulitsa.

Ndinagulitsa motsika, kenaka wina wagulitsanso mokwera kwambiri. Ndili ndi gawo?

M'mayiko ena, inde. France inayamba lamuloli mu 1920, United Kingdom mu 2006, ndipo Australia mu 2010, komwe mwini luso amalandira magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengo ntchito yake ikagulitsidwanso kudzera kwa amalonda a zaluso, ngati mtengowo wafika pa mlingo woikidwa. Pangano la ku Berne limatchula ufuluwu koma silikakamiza dziko lililonse kuutsata. Kaya kwanu ulipo kaya kulibe, muzisunga kaundula wa ntchito iliyonse, chithunzi chake, tsiku ndi amene anagula. Popanda kaundula simungatsate kumene ntchito yanu yapita.

Zinthu zamwambo zimene si aliyense amaloledwa kuona, zingalowe m'chionetsero?

Apa lamulo la boma limaperewera, chifukwa limateteza munthu wodziwika amene wapanga chinthu, pomwe nzeru zamwambo n'za fuko lonse. Ku Papunya, m'chipululu cha pakati pa Australia, amuna achi Aboriginal, eni nthaka oyamba a dzikolo, anayamba kujambula pa matabwa mu 1971, ndipo mu 1972 anakhazikitsa kampani yawoyawo ya Papunya Tula. Zojambula zina zoyambirira zinaonetsa zizindikiro zachinsinsi, akuluakulu ena anakwiya nazo, ndipo ojambulawo anasintha kajambulidwe kuti zachinsinsizo zisamaonekere. Komiti isadikire kuti mkwiyo ubwere. Ifunse eni mwambo chionetsero chisanatsegulidwe, ndipo akakana, chinthucho chisatuluke, ngakhale chikhale chokopa alendo chotani.

Ntchito za ana zili ndi malamulo akeake?

Mwananso ndi mwini wa chimene wajambula. Makolo kapena omulera ndi amene amasaina m'malo mwake, makamaka pa zogulitsa ndi pa kuika nkhope yake pa intaneti. Pa kapepala ka pambali pa ntchito, dzina loyamba ndi zaka zake n'zokwanira.

Holo yathu si yomangidwira zionetsero. Ntchito sizionongeka?

Zoopsa zazikulu ndi dzuwa, chinyezi ndi manja. Osamalira zakale amalangiza kuwala kosapitirira ma lux 50 (lux ndi muyezo wa kuwala) pa mapepala ndi nsalu, komwe n'kuwala kochepa ndithu. Mulibe choyezera? Chotsani mapepala ndi nsalu pomwe dzuwa limafika, ndipo musazipachike pa khoma lonyowa kapena pansi pa denga lodontha. Pakati pa chojambula pakhale pafupifupi masentimita 150 kuchokera pansi, molingana ndi maso a munthu woimirira. Zoumba ndi zosema zikhale pa tebulo losagwedera, kutali ndi khomo, ndipo pakhale munthu woyang'anira nthawi yonse imene chitseko chili chotsegula.

Tajambula pakhoma tonse monga gulu. Mwini wake ndani?

Ntchito imene manja ambiri asakanikirana mosatheka kusiyanitsa, kawirikawiri umwini wake ndi wa onse amene anaipanga, pomwe khomalo ndi la mwini nyumba. Mikangano imabuka nyumbayo ikagulitsidwa kapena ikafuna kupakidwa penti wina. Chionetsero cha Echigo-Tsumari ku Niigata ku Japan, chimene chinayamba mu 2000, chimaika zaluso m'minda, m'nyumba zosiyidwa ndi m'sukulu zotsekedwa, ndipo zoterozo sizitheka eni malo asanavomere. Gulu laling'ono litero ndithu: burashi isanakhudze khoma, mugwirizane ndi mwini wake kuti chojambulacho chikhala zaka zingati, adzachikonza ndani chikayamba kusuluka, ndipo adzakudziwitsani masiku angati asanachifute, kuti mupeze mpata wochijambula zithunzi. Mulembenso mayina a onse amene anagwira burashi, ana omwe, ndi amene adzayankhule m'malo mwa gululo munthu wina akadzafuna kugwiritsa ntchito chithunzi chake.